Mbande Zodikira Achule

Mvula itagwa Lachiwiri lija, mudzi wonse unathamangira kudambo kukazula mbande za fodya, kupatula ife. Ine Malita ndinali nditanena kuti sitizula, ndipo amuna anga, a Zakeyo, anali atalumbira pamaso pa anthu kuti chaka chimenecho sadzakhudza mbande ngakhale imodzi ine ndisanalamule.

Musaganize kuti lumbirolo linabwera ndi chikondi. Linabwera ndi manyazi. Chaka cha m'mbuyo mwake, mvula yoyamba itangowaza fumbi, bambowa anazula nazale yonse n'kuwokera ekala yathunthu, ine ndikukuwa kuti dikirani. Kunatsatira ng'amba ya masabata atatu, fodya yense anapserera m'mizere. Nkhani imeneyi ndinawakumbutsa chaka chonse, podzuka, pakudya, ngakhale pochokera kutchalitchi. Pakamwa panga ndimapadziwa ndekha, sipachedwa kutentha ndipo sipafulumira kuzizira. Tsiku lina tili pamzere wa feteleza wa makuponi kwa Chisemphere, tsiku lachiwiri dzuwa likutiwamba pamenepo, ndinaiyambanso nkhaniyo anthu akumva. A Zakeyo anavula chipewa n'kupukuta thukuta.

"Chabwino, mayi a Nthanda," anatero. "Chaka chino fodya ndi wanu. Mukadzati zulani, ndidzazula. Mukapanda kunena, mbandezo ziwolere pomwepo. Anthuwa ndi mboni."

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Ndinkaona ngati ndapambana.

Zinali zaka zija zoti makuponi a munthu mmodzi tinkagawana mabanja awiri. Athu tinagawana ndi mng'ono wanga Ezelina, aliyense thumba limodzi. Ife tinagwirizana kuti chimanga chidye manyowa a mbuzi, thumbalo lipite ku fodya. Ndiye chaka chathu chonse chinali m'mabedi atatu a mbande aja kudambo. Zikawonongeka, palibe amafesanso nazale mu Disembala.

Chizindikiro changa ine chinali achule. Kumunsi kwa dambo lathu, pafupi ndi pomwe timafesa nazale, kuli thamanda lomwe limauma chilimwe. Likamauma, achule akuluakulu aja olira ngati ng'ombe amakumba m'matope n'kugona pansi miyezi yonse ya dzuwa. Malemu mayi anga ndiwo anandionetsa zimenezi ndili mtsikana. Ankati inswa n'zosadalirika, zimatuluka ngakhale munthu atangokhuthula ndowa pachulu. Abongololo nawonso amangoyenda ndi kachinyezi kalikonse. Koma chule amagona pansi kwambiri. Madzi akamufika n'kumudzutsa, ndiye kuti nthaka yamwa yakhuta, ndipo mbande yowokeredwa pamenepo imapirira ngakhale dzuwa litabwerera. Zaka makumi awiri ndi kanthu ndili pabanja, achule amenewo anali asanandinamizepo. Nyengo itayamba kusokonekera, mvula kubwera mochedwa, kudula pakati, kutha msanga, wailesi inkanena izi lero, mawa zina, koma ine ndinkangotchera khutu kuthamanda. Azimayi anafika pomandifunsa pachitsime kuti tidzale liti, ndipo sindibisa, zinkandikomera kwambiri.

Lachitatu m'mamawa a Lameki, amuna a Ezelina, anadutsa pakhomo pathu atamangirira dengu la mbande panjinga, matope mpaka m'mawondo. Anapeza a Zakeyo atakhala pakhonde akusema mpini womwe sunkafunika kusemedwa.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Kapena achule sanakupatseni chilolezo chodzuka?"

A Zakeyo anapitiriza kusema, mpeni ukuyendabe pampini.

"Alamu," a Lameki anatembenukira kwa ine, "mvula yonse ija! Inswa zatuluka, anamzeze adzaza mlengalenga, mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna muzipita kumunda kwanu," ndinayankha. "Pakatha masabata awiri mudzabwera pano ndi dengu lomwelo, kudzapempha zopakizira fodya wanu atapserera."

Anapalasa njinga akuseka, mpaka anatsala pang'ono kugwera m'ngalande.

Madzulo, dzuwa litapendeka, ndinatsikira kudambo. Mabedi athu anali okongola zoti munthu n'kuima kumangoyang'ana. Tinafesa mu Seputembala, tinathirira ndi makeni m'mawa ndi madzulo mpaka mapewa kutupa, kenako tinachepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Zinali pamsinkhu wake weniweni, kutalika ngati pensulo, tsinde lolimba. Thamanda linali litayamba kusunga madzi ofiira. Ndinaima pamenepo mpaka udzudzu unandithamangitsa. Nkhululu zinalira, nyenje zinalira, koma mawu aakulu aja omwe ndinkadikira, zii. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ndinati mvula yabodza imeneyi, achule aizindikira.

Inagwanso Lachisanu. Inagwanso Lamulungu tili m'tchalitchi, mpaka mlaliki anatseka Baibulo chifukwa malata ankamuposa mawu. Minda ya anzathu inayamba kusintha. Mbande zawo zinawerama masiku awiri, kenako zinadzuka n'kutambasula masamba. Ine ndinkadutsa m'mbali mwake khosi lili gwa, ngati sindikuona. Mlangizi wa zaulimi atabwera pa njinga yake yamoto, anaima pamunda pathu n'kufunsa odutsa ngati mwini wake wamwalira. Atandipeza pakhomo anati mvula ya chaka chino ndi yeniyeni koma ikhala yaifupi, wochedwa kuwokera adzalira. Ndinamufunsa ngati sanali iye yemwe chaka chatha ankati wokerani, wokerani. Analiza njinga yake n'kumapita.

Koma mbande sizimva mikangano ya anthu. Mbande yokhwima ikalawa mvula imathamanga. Sabata itatha zinali zitasiya pensulo ija kutali, zitapanikizana m'mabedi moti dothi silinkaonekanso. Tinatenga sizasi n'kuzimeta masamba kuti zichedwe kukula, ine uku a Zakeyo uko. Patapita masiku anayi zinali ngati sitinazikhudze.

Ezelina anandipeza pakhonde ndikusenda mtedza wodzala. Anakhala pamphasa, n'kuyamba kusenda nawo kaye, monga amachitira akakhala ndi nkhani yovuta.

"Akulu, ndabwera kudzakupemphani," anatero. "Alamu asiya kupita kubawo. Akangofika, anzawo amayamba kulira ngati achule. Munthu wamkulu ngati uja."

"Alekeni alire. Adzalira bwino mu Januwale."

"Nanga mvulayi simukuiona? Chitsime chili tololo, mtsinje sukuwolokeka. Mayi anapita ndi nyengo yawo, akulu. Nthawi yawo mvula inkadziwa tsiku lake. Mwina achulewo nawonso asokonezeka ngati ife tomwe."

Apa ndiye ndinapsa mtima. "Iwe Ezelina, pamene mayi ankandionetsa zimenezi unali kumsana, mamina ali chuu. Lero undiphunzitse ndiwe? Pita ukayang'anire fodya wa amuna ako."

Anasasa makoko a mtedza pachitenje n'kunyamuka osatsanzika. Chomwe chinandikwiyitsa si mwano, chifukwa mwano panalibe. N'chakuti mwanayo ananena mokweza zomwe ine ndinkaopa kuziganiza.

Tsiku la khumi ndi chinayi chiyambireni mvula ndinapita kumunda ndi thobwa. Ndinapeza a Zakeyo akupalira mizere yopanda mbewu. Udzu unali utamera, ndipo iwo ankaupala mosamala, mzere ndi mzere, ngati muli fodya. Uku ndi uku minda ya anzathu ili biriwiri, wathu wokha uli psuu pakati ngati dazi. Analandira chikho, anamwa pang'ono, n'kuyang'ana kumwamba komwe mitambo inkasonkhananso.

"Mayi a Nthanda, ndili ndi pempho. Tiwokere theka. Theka lokha. Linalo lidikire achule anuwo. Mvula ikadula, tidzakhala tataya theka. Ikapitirira, tidzakhala tapulumutsa theka."

Anali mawu anzeru, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndi anzeru. Kukanakhala kuti kulibe anthu oyang'ana, ndikanavomera. Koma ndinaona nkhope ya a Lameki. Ndinaona azimayi a pachitsime aja akukodolana kuti onani, mwini achule uja akuwokera achule asanalire.

"Theka la chiyani?" ndinatero. "Munalumbira pamzere paja anthu akumva. Ngati mukufuna kuzula, kudambo mukukudziwa, miyendo muli nayo. Koma musadzanene kuti Malita analamula."

"Sindikuti ndiphwanye lumbiro. Ndikupempha kuti munene inuyo."

"Sindinena. Achule sanalire."

Anandiyang'ana. Ndinkaganiza kuti aponya khasu. Koma anangondibwezera chikho asanamalize.

"Basi, ziwole," anatero, n'kupitiriza kupala udzu.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munalibe mawu. Thumba la feteleza linali pakona, litayamba kuchita mibulu ndi chinyezi, ndipo aliyense ankalilambalala ndi maso. Madzulo alionse ndinkatsikirabe kuthamanda, koma sindinkapitanso ngati munthu wodziwa. Ndinkapita ngati wopempha. Ndinkanong'ona ndithu, mayi wamkulu ine, kuti lirani chonde, ngakhale mmodzi yekha. Mantha anali atandigwira. Ndinkadziuza kuti ng'amba ikubwera, mawa dzuwa liyamba, onsewa achita manyazi. Ndinafika popempherera dzuwa loti lipsereze fodya wa mng'ono wanga, kuti ine ndioneke wolondola. Zimenezi ndikazikumbuka mpaka lero ndimadzida.

Tsiku la makumi awiri ndi chimodzi, m'mawa, ndinatenga khasu kuti ndikatsegule ngalande chifukwa madzi ankaima m'mbali mwa mabedi. Ndisanafike n'komwe fungo linandilandira, fungo la ndiwo zamasamba zoiwalika mumphika. Ndinaima. Sindinafune kuyang'ana pansi pa masamba, ndiye ndinatembenukira kuthamanda.

Pamenepo panatera nantchengwa, mbalame yamutu ngati nyundo ija yomwe imadya achule. Chaka chilichonse mvula ikagwa ankakhala pathamanda pomwepo, ndipo chisa chake chachikulu chili mumkuyu wapafupi. Analowa m'madzi n'kumavundula matope ndi phazi monga mwa nthawi zonse. Anayenda mbali iyi, anayenda mbali inayo, osatola kanthu. Kenako anauluka, osalowera kumkuyu, koma kulunjika chakumadzulo, kunkhalango ya nyama. Nditayang'ana chisa chija ndinaona kuti chagumuka mbali imodzi ndipo palibe anachikonza.

Nantchengwa sadikira kuti chule alire, amamugwira ali chete. Ndinayandikira madzi n'kuyang'anitsitsa. Munalibe mazira a achule, munalibe mbululu ngakhale imodzi. Masabata atatu onsewo ndinkabwera ndi makutu okha, maso ndikuwasiya kunyumba.

Ndinapita pagombe pomwe mayi anandionetsa kale, n'kuyamba kukumba. Dothi linali lonyowa. Ndinakumba mpaka m'chigongono, lonyowabe. Mpaka m'phewa, matope okhaokha, ozizira, omata. Nthaka inali itamwa kalekale. Kenako khasu linaboola kamphako kakang'ono ngati chibakera. Ndinapisamo dzanja, n'kutulutsa chikopa chakuda chophwatalala ndi timafupa toyera, miyendo yakumbuyo ili chipindire. Ndinakumba pena, chimodzimodzi. Pena, awiri pamodzi. Madzi anali atawafika sabata yoyamba yomwe ija, koma woti adzuke panalibe.

Ndipo ndinkayenera kudziwa. Chaka chathacho mvula inatha mu Febuluwale, thamanda linauma mbululu zisanamere miyendo, ndinaona ndekha akhwangwala akuzitola pamatope. Kunatsatira miyezi isanu ndi inayi ya dzuwa, dambo linang'ambika ming'alu yolowa mpini wa khasu, moto wolusa unadutsanso pomwepo. Zonsezi ndinaziona, ndili kalikiliki kukumbutsa amuna anga zolakwa zawo.

Ndinathamanga, matope thupi lonse, khasu ndinalisiya pomwepo. A Zakeyo anali pakhomo akunola chikwanje.

"Bambo a Nthanda, zulani!"

Anatenga madengu awiri n'kutsogola, ine ndikuwefuka pambuyo.

Pamwamba mabedi anali biriwiri, mbande zofika m'mawondo. Titapatula masamba tinaona zina. Matsinde anali akuda, oterera, nguwi yoyera itayanga. Ukagwira kuti uzule, mbande inkangoduka, mizu n'kutsala pansi. Zomwe zinkazuka zinali zazitali, zowonda, zosatha kuima zokha, ndipo zina zinali zitatulutsa kale kaduwa kunsonga. Fodya wofulumira maluwa sabereka masamba, zimenezi aliyense ku Kasungu kuno amazidziwa. Ndinkazula ndikutaya, kuzula kutaya, mulu wa zowola ukukula kumbuyo kwanga.

Ezelina anationa ali kudimba kwake. Anabwera n'kugwada pambali panga kuyamba kusankha. A Lameki anakwera njinga kuzungulira midzi itatu kufunsa ngati pali yemwe watsala ndi mbande. Anabwera chimanjamanja, nthabwala zitawathera. Aliyense anali atapakiza kale n'kugalauza nazale yake kudzalamo mpiru. Zomwe tinapulumutsa zinali za m'mphepete mwa mabedi, zopinimbira zija zimene chaka chabwino timataya osayang'ananso kawiri.

Tinawokera masana onse anthu anayi, a Zakeyo akuboola mapando ife tikutsatira. Mbande zinathera pakati pa mzere wachisanu ndi chinayi. Munda wathu uli ndi mizere makumi asanu ndi itatu. Kumwamba kunali kutayera, mitambo itabalalika, mphepo ikuchokera kolakwika.

Ezelina ndi amuna ake atapita, tinatsala awiri pomwe mbande zinathera. Ndinkadikira kuti andilalatire. Ndinkafuna ndithu kuti andilalatire, andibwezere chaka chonse chija mawu ndi mawu, mwina mtima ukanapepukako. Iwo ankangochotsa matope kukhasu ndi kamtengo.

"Achule aja anafa," ndinatero. "Onse. Ndakumba, ndapeza mafupa okhaokha."

"Ndinawaona," anatero, osadzutsa mutu. "Mu Okutobala, pamene ndinkazamitsa chitsime cha nazale. Ndinafukula atatu, ouma gwa. Ndinawakwiriranso."

Ndinawatembenukira. "Ndiye osanena? Masabata atatu onsewa, bambo a Nthanda, osanena?"

"Ndinkati mwina ena alipo. Inenso madzulo ndinkatchera khutu, ndili kuseri kwa chigafa cha fodya." Anasiya kamtengo kaja n'kundiyang'ana, maso ali ofiira. "Komanso ndikanayambira pati, mayi a Nthanda? Ine wopsereza fodya wa chaka chatha, ndikuuzeni inuyo za achule? Mukanandisiya kuti ndimalize?"

Yankho lake tonse awiri tinkalidziwa. Ndinakhala pansi pamzere wopanda mbewu n'kulira mokweza, osasamala kuti akundimva ndani. Iwo anakhala pambali panga, pamzere womwewo, ndipo sanandiuze kuti nditonthole.